Nyimbo ya Malata a Esitere

Munthu amene anandilakwira ndi amalume anga, a Lusiyano, mlongo wawo wa amayi, bere limodzi. Mwala sanagwire, ndodo sanagwire. Iwo anangotsegula pakamwa ku manda n'kuika dzina la amayi mu nyimbo, anthu n'kuvomera, ndipo pomwe nyimboyo inkatha amayi anali thapsa pansi, mkono wothyoka, mano akutsogolo ali m'dothi. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Joni kukankha wilibala. Ku Joniko nakonso anandipititsa ndi amalume omwewo.

Kwathu ndi m'mbali mwa Rivirivi, ukatsika pa Nkaya n'kuyenda pang'ono. Makolo athu anachokera ku Mozambiki, ndipo ngakhale Lamulungu timakhala tonse m'tchalitchi, gule wathu wa tchopa sitinamutaye. Kwathu nyimbo ilibe buku. Mmodzi amayambitsa, mawu akupeka pompo poyang'ana amene alipo, ena onse n'kumavomera ndi timawu tomwetomweto mobwereza. Unagwera m'ngalande utaledzera, ulowa mu nyimbo. Unabwereka jekete la ukwati osabweza, ulowa. Woyambitsa wa mudzi wathu anali amalume, kuyambira ine ndisanabadwe: pa tchopa, pa ukwati, polima dima, pa maliro. Mawu ali nawo, zimenezo sindingawanamizire. Akakweza khosi, ngakhale wodwala malungo amadzuka pamphasa.

Bambo anamwalira ndili wamng'ono, anatilera ndi amayi okha, ine ndi achemwali anga a Agata. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, tsiku limene ndinalanda mkwapulo kwa aphunzitsi n'kuuthyola pa bondo. Ndinayamba kabaza pa Balaka. Chaka china titakolola, pa tchopa, amalume anandiika mu nyimbo. Ati Fano wa Esitere sukulu inamulavula, tsopano wasanduka bulu wa anthu a m'tauni. Bwalo lonse linavomera likuseka, mpaka mtsikana amene ndinkamufuna. Mwambo umalola kuti woimbidwa ayankhe ndi nyimbo, basi ine ndinalowa pamwamba pa mawu awo. Ndinati a Lusiyano nkhokwe yawo mbewa zinasamukamo chifukwa cha njala. Anthu anavomera mwamphamvu kuposa poyamba, oimba ng'oma n'kutembenukira kwa ine. Amalume anadutsa pakati pa bwalo n'kundimenya mbama pamaso pa onse. Ine sindinaganize kawiri, ndinawapatsa mutu pamphuno, magazi chuu pa malaya.

Akuluakulu anagamula kuti ndikagwade, nditenge ndi mbuzi. Ndinati iyayi, anayamba ndi iwo, ndipo nyimbo amayankha ndi nyimbo, osati mbama. Anati ndiye mudzi uno ukuchepera. Ndinati zoona, ukundichepera. Ndinagulitsa njinga, amayi anagulitsa nandolo wawo yense, ndinalipira transipota wotengera anthu ku Joni. Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pa njanji. Anangoti, "Iwe ukupita, Fano. Wotsala nawo amalume akowo ndine." Ndinkayesa ndi nkhawa za azimayi basi.

Za m'njira sindinena zambiri: Mwanza, Tete, Zimbabwe, kugona chokhala, kulowa pansi pa katundu transipota akati bisalani. Ndinapeza ganyu pomanga nyumba zosanja kunja kwa Johannesburg, ndipo ndinkagona m'kachisakasa ka malata ku lokeshoni pamodzi ndi Amidu, Myao wa ku Ntaja, wamtali, wosayankhulayankhula. Kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m'mano. Anzanga a kabaza masiku ano akandifunsa kuti ku Joni kuli bwanji amafuna ndiwauze za nsapato ndi mafoni. Ine chimene ndimakumbuka ndi Lamulungu. Ntchito kulibe, kotuluka kulibe chifukwa ulibe mapepala, umangogona chagada n'kumamvera anthu akuseka m'chilankhulo chawo kuseri kwa lata. Tsiku lina ndinayenda mtunda wautali kutsatira mayi wina yemwe ndinamumva akukalipira mwana m'Chichewa, osati kuti ndimulankhule, kungofuna kumva basi.

Ndalama inkabwera yochepa, lendi n'kudya pakati, koma mwezi ukatha yotsalayo ndinkatumiza kudzera pa foni ya achemwali. Ndinanenetsa kuti imeneyi si ya mchere, ndi ya malata. Ndinkafuna kuti amalume akamadutsa pakhomo pa amayi dzuwa liziwathobwa m'maso. Amayi foni sankaidziwa, achemwali ankawagwirizira kukamwa, ndipo uthenga wawo unali umodzimodzi nthawi zonse: ukudya kodi, usamamenyane ndi eni dziko. Ine ndinkayankha kuti ndanenepa, pomwe lamba ndinali nditaboola bowo lina. Tsiku limene chithunzi cha nyumba yofoleredwa chinabwera, ndinachionetsa aliyense pa ntchito, mpaka kapitawo. Achemwali anatumizanso mawu kuti amalume anabwera kudzaona, anazungulira nyumba, kugogoda lata ndi ndodo, n'kunena kuti wilibala ya ku Joni ikubereka bwino. Ndinaseka tsiku lonse.

Chimene chinandisunga kumeneko ndi nyimbo. Tikamaponyerana njerwa kuchoka pansi kupita pamwamba tinkaima mzere: Mashangani a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe, Asutu, ife. Wina akayambitsa m'chilankhulo chake, tonse tinkavomera osadziwa kuti tikuti chiyani, bola mawu agwere pomwe njerwa ikugwera m'manja. A ku Zimbabwe ankakonda kulowa mmodzimmodzi, wina asanamalize wina wayamba, ngati mbalame za m'bango. Asutu mawu awo anali a pansi, olemera. Posakhalitsa anazindikira kuti ine ndimatha, ankati Malawi, yamba. Ndinkatukwana kapitawo m'Chichewa, mimba yake, nsapato zake, mayendedwe ake, Asutu n'kumavomera bwinobwino mwiniwake akugwedezera mutu. Amidu yekha ndiye ankamva, ankaseka mpaka kugwetsa njerwa. Iyenso anatiphunzitsa kapumidwe ka sikiri, kaja Asilamu a kwathu amachita mawu akuchokera m'chifuwa, hi-hi, hi-hi, ndipo mzere wonse unkachita choncho pansi pa nyimbo yanga ngati ng'oma. Apo ndinkaiwala kuti ndili kwa eni.

Loweruka lina masana tili ku lokeshoni tinamva nyimbo ikubwera chakumtunda. Ndikunena zoona, inali nyimbo yokoma. Amuna ndi akazi ambirimbiri, mapazi akugunda pansi limodzi, mawu atakhala bwino kuposa kwaya ya pa parishi. Mayi wina woyandikana nafe anagogoda lata n'kutiuza kuti thawani, akusaka obwera. Ine ndinalumpha mpanda n'kulowa m'chipaipi cha madzi pansi pa msewu. Amidu anabwerera kukatenga pasipoti.

Ndili m'chipaipimo ndinkaona zonse pakati pa udzu. Kutsogolo kunali munthu mmodzi wovala chipewa cha ubweya, m'manja mulibe kanthu. Chizulu sindimva kwenikweni, koma ntchito ya munthuyo ndinaidziwa, chifukwa ndi yanga. Aponya mawu, gulu livomera. Aponya ena akuyang'ana chitseko, gulu livomera likutembenukira komweko. Sitolo ya Msomali inathyoledwa motero. Kenako anayang'ana chisakasa chathu. Gululo linamutulutsa Amidu pasipoti ili m'manja, ndipo ankamumenya motsatira nyimbo, ndodo ikugwa pomwe phazi likugwa. Njerwa ina inamupeza pa diso. Ndipo ine, ndili m'matope, khosi langa linkafuna kuvomera. Nyimbo yoyambitsidwa bwino imakoka yokha, sifunsa kuti uli mbali iti. Wachipewa uja Amidu sanamukhudze ngakhale ndi chala.

Amidu sanafe. Diso linapita, ndipo atatuluka m'chipatala anakwera basi kubwerera ku Ntaja. Ine ndinatsala ndekha m'chisakasa chopanda chitseko. Pa ntchito akati Malawi, yamba, ndinkati yambani nokha. Msutu wina anakakamira, ndinamugenda ndi chidutswa cha njerwa, anasiya.

Patapita miyezi achemwali anaimba n'kunena kuti amayi agwa, ali m'chipatala ku Balaka, koma usabwere. Ndinafunsa kuti agwa pati, munthu wosakwera mtengo. Anadula. Ndinaimba mpaka mayunitsi kutha, ndipo potsiriza anati anthu awamenya ku maliro. Sindinadikire malipiro a mwezi umenewo.

Amayi ndinawapeza pa Balaka, m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma, mayi wa tchalitchi chathu amene anawamvera chisoni. Mkono unali mu chikhakha, ndipo poyankhula ankaphimba pakamwa ndi chitenje. Anandifotokozera okha, pang'onopang'ono. Mwana wa amalume wotsiriza, Petulo, anadwala mutu masiku ochepa n'kumwalira. Adzukulu pokumba manda anakumana ndi thanthwe, anasuntha, n'kukumananso ndi thanthwe. Kwathu zikatero anthu amayamba kuyang'anana, amati pali wina amene akudziwapo kanthu. Maliro anafika dzenje lisanathe, anthu anakhala pansi padzuwa n'kumadikira. Namfedwa sayambitsa nyimbo, amaimbiridwa. Ndiye amalume ataimirira n'kukweza mawu, aliyense anatchera khutu.

Anayamba ngati kulira wamba. Petulo wanga wapita kuti, anthu n'kumavomera kuti wapita, wapita. Amayi anati iwonso ankavomera nawo misozi ikutsika, pakuti Petulo anamuberekapo pamsana ali khanda. Kenako amalume anati wapita kukagula chiyani. Wapita, wapita. Wapita kukagula malata. Wapita, wapita. Malata a yani akuwala m'mudzi muno. Malata a Esitere. "Dzina langa ndinalimva pakamwa panga pali potsegula," anatero amayi. Tanthauzo lake aliyense analimva, kuti amayi anapha Petulo m'matsenga kuti alemere. Azimayi amene anakhala nawo pamphasa anasuntha. Anyamata anawakokera ku dzenje n'kuwapatsa khasu kuti aswe okha thanthwe lawolo, ndipo atalephera mipini inayamba, nyimbo osaleka. Anawalanditsa ndi a katekisiti pogona pamwamba pawo. Nkhani inafika ku polisi, anyamata amene anagwira mipini anatengedwa. Amalume anangoti ine ndinkalira mwana wanga, ndipo palibe amene akanatha kunena kuti anawaona atakweza dzanja.

Ine ndinadzuka kukafuna chikwanje. Amayi anandigwira malaya ndi dzanja labwinolo. Anati chimene akufuna si mutu wa mlongo wawo. Akufuna kubwerera kwawo, kumunda kwawo m'mbali mwa mtsinje, ndipo akadzafa akagone pafupi ndi amayi awo, osati ku manda a m'tauni pakati pa alendo. Kwathu dzina limachotsedwa mu nyimbo ndi amene analiikamo, poimba ina pagulu yotsuka munthuyo. "Pita ukagwade," anati. "Zija unakana pa mbuzi, kachite pa ine."

Ndinapita, chikwanje ndinasiya. Nditatsika pa Nkaya ndinayenda wapansi, ndipo ndisanalowe m'mudzi nyimboyo ndinaimva pa mjigo. Atsikana ankapopa madzi motsatira iyo, malata a Esitere, wapita, wapita, akuseka, wina akuvina ndowa ili kumutu. Za amayi sanali kuziganiza n'komwe, inangowakomera pokoka chitsulo. Ndinakankha ndowa zonse ndi phazi, anabalalika akukuwa.

Achemwali ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinawafunsa kuti tsiku limenelo anali kuti. Anati anali pomwepo. Ndinati nanga munatani. Mpeni uli m'manja, anati, "Amene anatseka pakamwa ankamuyang'ana, Fano. Ine ndinali ndi mwana kumbuyo." Ndinamenya chitseko chawo ndi chibakera mpaka thabwa kung'ambika, chifukwa kupanda chitsekocho ndikanamenya iwo. Ndinayenda m'mudzi ndikuyang'ana nkhope: a kwaya, anthu amene ndinkawanyamula pa njinga ulere, azamba amene anandibadwitsa. Onse moni wabwino, wafika liti, watitengera chiyani, wada bwanji ngati ku Joni kulibe sopo. Palibe amene anafunsa kuti amayi akupeza bwanji.

Amalume anali pansi pa mtengo wa mango akukunga ng'oma, amuna angapo atawazungulira. Ndinagwada, maondo onse awiri m'fumbi, ndipo ndinanena zimene amayi anandituma, ndi ulemu wonse umene ndili nawo. Iwo sanasiye kukhoma zikhomo. Anati ku Joni kumaphunzitsa ulemu, eti, ana onse a m'mudzi muno tiwatumize komweko. Kenako anati nyimbo ikatuluka pakamwa si yawonso, ndi ya amene akuivomera. "Ine ndinangoponya mawu. Ukufuna ichoke, kaitole m'kamwa mwa aliyense." Amuna aja anaseka. Mmene ndinadzukira sindikukumbuka, ndinangoona manja anga ali pa khosi la amalume, ng'oma ikugubuduka, maso awo atatuluka ngati a nsomba. Anandichotsa mokoka, wina n'kundimenya ndi chikuni pamsana mpaka ndinalavula magazi.

M'mawa mwake ndinabwereka hamala ndi ngolo. Ngati amayi sangagone pansi pa malata awo kuno, malata awatsatira. Ndinakwera pa denga n'kuyamba kuzula misomali. Phokoso linaitana mudzi wonse. Anaima mozungulira nyumba, amalume nawonso chapatali ndi anzawo aja, nsalu atakulunga pakhosi. Hamala ikagunda lata imalira ngati ng'oma, ndipo ndinapezeka ndikugunda motsatana, gu, gu-gu, gu, gu-gu. Mapazi a ena pansi anayamba kutsatira. Ndinali ndisanaimbepo kuchokera tsiku la Amidu. Ndinakweza mawu pa nyimbo yawo yomweyo. Petulo wapita kuti. Anavomera, wapita, wapita. Ndinati anamutuma ndani. Wapita, wapita. Ndinati ndani anaimba m'maso muli gwa mwana wake ali m'bokosi. Wapita, wapita. Ndinati a Lusiyano.

Anavomera. Onse, mwamphamvu, azimayi akukweza mawu apamwamba, ndipo pakati pawo ndinamva mawu a achemwali. Ndili pamwamba ndinaona mitu ikutembenuka ngati ngayaye za chimanga pa mphepo. Amuna amene anaseka dzulo lake anasuntha pang'onopang'ono, amalume n'kutsala okha pakati. Bambo wina anawerama n'kutola mwala. Wina anali akuzula kale mtengo wa mpanda. Panatsala mawu ochepa, ndipo ndinali nawo pa lilime, okonzeka, ogwera bwino pa hamala. Ndinaika hamala pa lata. Nyimbo inayenda yokha pang'ono, kenako inafota, anthu akundiyang'ana m'mwamba kukamwa yasa, kudikira kuti ndiwapatse.

Apo ndinadziwa kuti amayi sabwereranso kuno, ngakhale amalume akanaimba yowatsuka sabata lathunthu. Anthu akanavomera imeneyonso, akanavina, akanawalandira amayi ndi nthungululu, mawa kukagwa maliro ena n'kuvomera ina. Ku Joni amene anamenya Amidu sankamudziwa dzina. Kuno anali anthu amene amayi ankabwerekana nawo lichero.

Ndinatsiriza malata mwakachetechete, kuwasanja pa ngolo, kumanga ndi linya. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi ngati kuti ankangodutsa. Amalume anali akadali pomwe paja, nsalu ija itagwa pansi. Ndinapita mpaka mpweya wanga kuwafika kumaso.

"Mwamva, amalume? Anthu anu ndi amenewa, khalani nawo. Mlongo wanu akagona ku Balaka pakati pa alendo, ndipo mwamuika kumeneko ndinu. Koma pa maliro aliwonse a m'mudzi muno, musanatsegule pakamwa, muziyamba mwayang'ana ngati ndilipo."